Kalata yotseguka kwa oyang'anira nyanja zamchere: nsomba yamoyo nayo ili pantchito

Kwa atsogoleri a mayiko omwe sitima zawo zimasodza m'nyanja zikuluzikulu, nduna zoona za usodzi, nduna zoona za kusintha kwa nyengo, ndi nthumwi zomwe zimakhala pamisonkhano ya WTO (bungwe la zamalonda padziko lonse), FAO (nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi), CCAMLR (bungwe loyang'anira zamoyo za m'nyanja ya ku Antarctica) ndi IWC (bungwe loona za anangumi).

Olemekezeka mabwana ndi madona,

Landirani moni wanga waulemu, ndipo mundilole ndilankhuleko ngakhale ndilibe mpando pamisonkhano yanu. Ndine munthu wamba, wokhoma msonkho, wopuma mpweya womwewu umene mumapuma inu. Ndikudziwa kuti ntchito yanu si yamasewera. Kugwirizanitsa mayiko ambirimbiri pa nkhani ya nsomba, zomwe sizioneka ndi maso komanso sizidziwa malire a dziko, n'kovuta ndithu. Choncho sindinabwere kudzanyoza munthu. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo kalatayi ndailemba poyera dala kuti odutsa m'njira amve nawo, aiwerenge, apatsireko anzawo.

Chandidzutsa ndi zimene zinachitika kunyanja ya ku Antarctica. Mu August 2025, usodzi wa krill, tinyama tofiirira tooneka ngati tinkhanu, totalika mosapitirira chala, unatsekedwa nyengo yake isanathe chifukwa sitima zinali zitakwanitsa kale matani 620,000, omwe ndi malire a chaka chonse. Aka kanali koyamba kuti malirewa afikidwe. Sizinachitike mwangozi ayi. Mu October 2024, nthumwi za CCAMLR zinakumana ku Hobart n'kulephera kugwirizana zopitiriza lamulo lomwe linkakakamiza sitima kumwazikana m'zigawo zingapo posodza. Lamulolo linangofa lokha, popanda woliphera, ndipo kuyambira pamenepo sitima zinakhala ndi ufulu wokokolola matani ochuluka pamalo amodzi, pomwe anangumi ndi mbalame zosauluka zotchedwa mapenguin amadyera. Nanga krill ameneyu akupita kuti? Sakupita m'mbale ya wanjala. Akupita kukakhala mafuta a omega-3 ogulitsidwa m'timakapisozi, ndi chakudya cha nsomba za salmon zowetedwa m'makola.

Chodandaula changa chachikulu ndi chimodzi, ndipo zina zonse zili m'munsimu ndi nthambi zake. Mukamawerengera zamoyo zam'nyanja, mumaziwerengera m'matani a pasikelo, zitafa kale. Ntchito yomwe zimagwira zili zamoyo simuilemba paliponse.

Ntchitoyo ndi iyi. Nyanja zamchere zimameza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mpweya wa kaboni dayokisaidi umene anthu timatulutsa chaka ndi chaka, komanso zasunga kutentha koposa 90 peresenti komwe kwawonjezeka padziko chifukwa cha mpweyawu. Wina umasungunuka m'madzi pawokha. Wina umatengedwa ndi ndere zing'onozing'ono zosaoneka ndi maso zomwe zimayandama pamwamba pomwe pamafika dzuwa. Koma kaboni akangokhala pamwambapo sachedwa kubwerera kumlengalenga. Kuti asungike zaka mazana, pafunika womunyamula kupita naye pansi, kumdima. Onyamulawo ndi nyama.

Taonani ka krill kamodzi. Usiku kamakwera pamwamba, n'kumasefa ndere ndi timiyendo take. Kakakhuta, kamatulutsa ndowe zolimba ngati timaulusi tatifupi, ndipo ndowezo zimamira mamita mazana angapo patsiku limodzi. Kamodzi si kanthu. Koma tilipo tosawerengeka, moti gulu limodzi limatha kufiiritsa madzi pamtunda wa makilomita. Kapena taonani tinsomba towala m'mimba totchedwa lanternfish, tomwe timakhala pakati pa mamita 200 ndi 1,000 pansi pa nyanja. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, akatswiri a asilikali apamadzi a ku America ankadabwa kuona makina awo oyezera kuya akusonyeza ngati pansi pa nyanja pakukwera madzulo n'kutsikanso m'mawa. Sipanali pansi ayi. Unali unyinji wa tinsomba ndi tinyama tina tomwe timakwera kukadya kukada, n'kutsikanso kukamacha, kaboni ali m'mimba. Ulendowu umachitika usiku uliwonse m'nyanja zonse, ndipo palibe msamuko wa nyama wina padziko woposa umenewu. Palibe boma lomwe limaulipira. Lero makampani ena ayamba kale kufufuza njira zosodzera tinsombati kuti tikagayidwe kukhala chakudya cha ziweto, inu musanaike lamulo lililonse lomveka loteteza kuya kumeneko.

Ndiyambe ndi anangumi, poti mbiri yawo ndi phunziro lomwe tinalipira kale. M'zaka za pakati pa 1900 ndi 1999, anthu anapha anangumi pafupifupi 3 miliyoni. M'nyengo imodzi yokha ya 1930 mpaka 1931, anangumi a mtundu wa blue whale oposa 29,000 anaphedwa ku Antarctica. Malamulo analipo, bungwe la IWC linalipo kuyambira 1946, koma sitima za Soviet Union zinapha anangumi pafupifupi 180,000 osawalemba m'malipoti, ndipo chinsinsichi chinaululika m'zaka za m'ma 1990, madzi atatayika kale. Ambiri ankaganiza kuti odya krill akatha, krill achulukana. Sizinatero. Kafukufuku yemwe anatuluka m'magazini ya Nature mu 2021 anapeza kuti kupha kusanayambe, anangumi a kum'mwera ankadya krill wokwana matani pafupifupi 430 miliyoni pachaka, kuwirikiza kawiri krill yense amene akuganiziridwa kuti alipo lero. Zikutheka bwanji kuti wodya akachepa chakudya nacho chichepe? Yankho lili m'ndowe. Madzi a kumeneko ndi osowa ayironi, ndipo nangumi akadya kuya amadzachita chimbudzi pamwamba, n'kuthira manyowa a ayironi pomwe ndere zimamera. Ndere zikachuluka, krill amachuluka. Tinapha mlimi tikuyesa kuti tikupha mbava ya m'munda.

Ndipo nangumi akafa imfa yake, thupi lake limamira. Mu 1987, katswiri wina, Craig Smith, ali m'kasitima koyenda pansi pa madzi kotchedwa Alvin kufupi ndi California, anapeza mafupa a nangumi pamalo akuya kuposa kilomita, atazunguliridwa ndi mudzi wathunthu wa tinkhono, nyongolotsi ndi tizilombo tina tomwe timadya mafuta a m'mafupamo kwa zaka makumi. Kaboni wa m'thupi limenelo sabwereranso msanga. N'chimodzimodzi nsomba zikuluzikulu monga tuna, shaki ndi swordfish. Ikafera m'madzi imamira, ikafera padeki la sitima kaboni wake amathera mumlengalenga. Kafukufuku wa mu 2020 anawerengera kuti kuyambira 1950, usodzi wa nsomba zikuluzikuluzi watulutsa mpweya wa kaboni dayokisaidi wosachepera matani 730 miliyoni, kuphatikizapo utsi wa mafuta a sitimazo.

Pano ndinene chilungamo, kuopa kuti wina angandigwire pakamwa. Anangumi sangatipulumutse ku malasha ndi petulo. Dziko limatulutsa matani oposa 35 biliyoni a mpweyawu chaka chilichonse kuchokera ku mafuta ndi malasha, ndipo ngakhale anangumi onse atabwerera mawa, sangameze ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi. Aliyense wokuuzani kuti mugule nangumi papepala kuti mupitirize kufukiza utsi akukupusitsani. Chimene ndikunena n'chakuti munthu amene denga lake likudontha sagwetsa dala nsanamira zomwe zatsala.

Dandaulo lachiwiri ndi la makoka okwekwereza pansi pa nyanja. Ambiri amene amadya nsomba zake sanaonepo mmene amagwirira ntchito. Sitima imaponya khoka lalikulu lomwe kukamwa kwake kumatsegulidwa ndi zitseko ziwiri zachitsulo, zina zolemera matani angapo. Kunsi kwake kuli matcheni ndi mateyala olemera. Zonsezi zimakokedwa pansi kwa maola, zikugumula makorali, matanthwe omangidwa ndi tinyama ta m'nyanja, omwe atenga zaka mazana kuti akule, zikufukula matope omwe akhala chigonere, ndipo kumbuyo kumatsala chimtambo chamatope ndi mizere ngati munda wolimidwa ndi thirakitala. Matope amenewo ndiye nkhokwe. Zonse zomwe krill, lanternfish ndi anangumi anatsitsa zimagona mmenemo. Akavundulidwa, tizilombo timadya kaboniyo n'kumusandutsanso mpweya. Akatswiri akutsutsana za kuchuluka kwake: kafukufuku wina wa mu 2024 anati akhoza kufika matani 370 miliyoni pachaka, ena akuti chiwerengerocho n'chokokomeza. Atsutsane, ndi ntchito yawo. Koma palibe mmodzi mwa iwo amene akunena kuti kulima pansi pa nyanja kulibe vuto.

Dandaulo limeneli si la lero. Mu 1376, asodzi a ku England anakadandaula kwa mfumu Edward III kuti chida china chokwekwereza pansi chikuwononga zomera za m'nyanja ndi kupha tiana ta nsomba tochuluka moti ankangodyetsa nkhumba. Zaka zoposa 600 zapita, ndipo ine ndikulembanso kalata yomweyo. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'madera ambiri a ku Ulaya omwe pamapu analembedwa kuti ndi otetezedwa, makokawa amaloledwabe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pomwe boma lafuna, zimatheka: Britain inawaletsa m'dera lake la Dogger Bank mu 2022, ndipo Greece inalengeza mu 2024 kuti iwachotsa m'malo ake onse otetezedwa pofika 2030.

Lachitatu ndi lomwe limandiwawa kwambiri monga wokhoma msonkho. Zowonongazi timazilipira tokha. Mu 2018, maboma apadziko anapereka ndalama za sabuside zokwana madola 35 biliyoni a ku America ku usodzi, ndipo madola 22 biliyoni mwa amenewa anali a mtundu wokulitsa mphamvu zosodzera, makamaka wotsitsa mtengo wa mafuta. Popanda thandizoli, kuposa theka la malo omwe sitima zimasodza kunyanja yopanda mwini, kutali ndi gombe la dziko lililonse, sikukanakhala phindu lopitirako. Kunena kwina, kuli nsomba zomwe zikanafa imfa yawo n'kumira ndi kaboni wawo, koma boma limagulira sitima dizilo kuti ikazitenge. Kenako boma lomwelo limatumiza nduna ina kumsonkhano wa zanyengo kukalonjeza kuchepetsa utsi.

Ndikuyamikira kuti pangano la WTO loletsa ena mwa masabusidewa, lomwe munagwirizana ku Geneva mu June 2022, linayamba kugwira ntchito mu September 2025. Koma zokambiranazo zinayamba mu 2001 ku Doha. Mwana wobadwa chaka chimenecho ali ndi banja lake tsopano. Ndiponso panganoli likukhudza usodzi wakuba ndi nsomba zomwe zatha kale; gawo lachiwiri, lonena za ndalama zomwe zimachulukitsa sitima ndi kuzikulitsa, lidakali patebulo. M'zaka zonsezi, malipoti a FAO akusonyeza kuti magulu a nsomba osodzedwa mopyola muyeso anachoka pa 10 peresenti mu 1974 kufika pa 37.7 peresenti mu 2021.

Ndipo wolira si mwini sitima. Ndi msodzi wa bwato laling'ono, amene ndiye wochuluka pantchitoyi koma amalandira nyenyeswa za thandizolo. Kugombe la Mauritania, Senegal ndi Gambia kwamera mafakitale ogaya nsomba za sardinella kukhala ufa wodyetsera ziweto ndi nsomba zoweta za kumayiko akutali. Pamafunika makilogalamu anayi kapena asanu a nsomba kuti patuluke kilogalamu imodzi ya ufawo. Amayi omwe ankawamba ndi kugulitsa nsombazi akutsala ndi mathandala opanda kanthu. Nawo anthu a ku Newfoundland, ku Canada, akudziwa mathero a nkhani zotere: mu July 1992 boma linatseka usodzi wa cod nsombazo zitatheratu, ndipo anthu oposa 30,000 anagona ali pantchito n'kudzuka ali malova.

Lachinayi ndi la kutentha, ndipo pano ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pomwe nkhani ya usodzi ndi ya kusintha kwa nyengo zimakumana. Malire a nsomba zoti zigwidwe mumawaika potengera mbiri ya nyanja ya dzulo. Nyanja imeneyo kulibenso.

Pakati pa 2014 ndi 2016, kumpoto kwa nyanja ya Pacific kunabuka chigawo chachikulu cha madzi ofunda chomwe akatswiri anachitcha Blob. Tinyama ta mafuta tomwe nsomba zing'onozing'ono zimadya tinachepa, nsombazo zinawonda, ndipo mbalame zam'nyanja zotchedwa common murre pafupifupi 4 miliyoni zinafa ndi njala ku Alaska, theka la mbalame za mtunduwu kumeneko. Anangumi a humpback a kumpoto kwa Pacific, omwe ankachulukana bwino chilekereni kuphedwa, anatsika ndi pafupifupi 7,000 pakati pa 2012 ndi 2021. Patangopita zaka zochepa, m'nyanja ya Bering, nkhanu za snow crab zokwana 10 biliyoni zinasowa pakati pa 2018 ndi 2021. Sizinasamuke, sizinabedwe. Madzi atafunda, matupi awo ankafuna chakudya chochuluka kuposa chomwe chinalipo, ndiye zinafa ndi njala. Mu 2022 usodzi wake unatsekedwa koyamba m'mbiri, ndipo midzi yodalira nkhanuzo inagwira njakata.

Zomwe sizifa zimasamuka, ndipo zikasamuka malamulo anu amatsalira m'mbuyo. Anangumi a North Atlantic right whale, omwe atsala osakwana 400 padziko lonse, anatsatira chakudya chawo kupita kumpoto, ku Gulf of St Lawrence, komwe kunalibe malamulo owateteza ku zingwe za misampha ya nkhanu ndi ku sitima zothamanga. Mu 2017 mokha anafa 17. Oposa 80 peresenti a anangumiwa ali ndi zipsera za zingwe. Nazo nsomba za mackerel zitayamba kufika m'madzi a Iceland, mayiko a kumeneko, Norway, Faroe Islands, Britain ndi a European Union, analephera kugawana mwamtendere. Aliyense anadziikira gawo lake, ndipo magawowo akaphatikizidwa akhala akupitirira malangizo a akatswiri a ICES, bungwe la sayansi lolangiza mayikowa za usodzi, chaka ndi chaka kuyambira 2010. Mu 2025 akatswiriwo analangiza kuti usodziwu udulidwe ndi 70 peresenti. Awa ndi mayiko olemera, okhala ndi sitima zofufuzira ndi maloya. Nanga mayiko otentha, omwe nsomba zawo zikuthawira kumadzi ozizira osabweranso, adzadandaula kwa yani?

Chitsanzo chomwe ndikufuna muchisunge ndi cha Shark Bay, kuzambwe kwa Australia. Kumeneko kuli dambo lalikulu la udzu wa pansi pa nyanja, ndipo pansi pa mizu yake pali kaboni wa zaka masauzande. M'chilimwe cha 2010 mpaka 2011 madzi anatentha mwadzidzidzi, udzu woposa gawo limodzi mwa magawo atatu unawonongeka, ndipo akatswiri anawerengera kuti mpweya wofika mpaka matani 9 miliyoni uyenera kuti unatuluka m'zaka zitatu zotsatira. Tsono tamvani za shaki. Mu Shark Bay muli ma dugong, nyama zodya udzuwu ngati ng'ombe, ndipo muli shaki za mtundu wa tiger zomwe ma dugong amaziopa. Chifukwa cha mantha, ma dugong sakhazikika pamalo amodzi n'kuzula mizu yonse. Amadya apa, n'kuthawira apo. Ofufuza atayesera kudyetsa udzuwo monga mmene ma dugong akanadyera kukanakhala kopanda shaki, anapeza kuti dambo lopsa ndi kutentha limalephera kuchira. Mantha a shaki ndiwo mpanda wa nkhokweyo. Koma shaki ndi ma ray (nsomba zaphanthiphanthi, abale a shaki) okhala m'katikati mwa nyanja, kutali ndi gombe, achepa ndi 71 peresenti kuyambira 1970, ndipo chifukwa chachikulu ndi mbedza ndi maukonde athu.

Za makorali ndingodutsapo, poti mukuzidziwa. Mu April 2024 bungwe la boma la America loona za nyanja ndi nyengo, la NOAA, linalengeza kuti makorali akuyera ndi kutentha padziko lonse kachinayi, ndipo IPCC, gulu la akatswiri a zanyengo la United Nations, inanena kale kuti dziko likatentha ndi madigiri 1.5 tidzataya 70 mpaka 90 peresenti ya makoraliwa. Madzi nawo akuwawasa: asidi wawonjezeka ndi pafupifupi 30 peresenti chiyambireni mafakitale, ndipo tinkhono tosambira tomwe nsomba zambiri zimadya tikuvutika kumanga zigoba. Nyama yomwe ikulimbana ndi kutentha, asidi ndi kuchepa kwa okosijeni, inu mukuiwonjezera khoka. Pa mitolo iwiriyi, wa kutentha udzatenga zaka makumi kuti upepuke ngakhale titasiya utsi lero. Wa khoka mungathe kuutula pamsonkhano umodzi.

Lomaliza ndi la mdima. Kafukufuku wa bungwe lotsatira sitima zosodza la Global Fishing Watch wa mu 2024, wogwiritsa ntchito zithunzi za masetilaiti, anapeza kuti pafupifupi sitima zitatu mwa zinayi zilizonse zikuluzikulu zosodza sizioneka pa makina omwe anthu onse angathe kutsatira. Mungayang'anire bwanji chimene simukuchiona? Ndipo mdima wina uli m'maofesi mwanu momwe. Nduna ya usodzi imapita kumsonkhano wake kukamenyera matani. Nduna ya zanyengo imapita ku wake kukalonjeza za pangano la Paris lochepetsa kutentha kwa dziko. Awiriwa amatha kukwera chikepe chimodzi m'nyumba ya boma osadziwa kuti akukokana chingwe chimodzi.

Sindikupempha zosatheka, chifukwa nyanja ikapatsidwa mpata imachira. Anangumi a humpback oswanira kugombe la Brazil anatsala pafupifupi 450 m'zaka za m'ma 1950, ndipo pofika 2019 anali pafupifupi 25,000. Ku Cabo Pulmo, ku Mexico, asodzi eni ake anapempha kuti dera lawo litsekedwe mu 1995, ndipo pakati pa 1999 ndi 2009 nsomba zinachuluka kuposa kanayi. Nkhanga zinapangana kusanapse. Ndiye zopempha zanga ndi izi:

1. Nthumwi za CCAMLR zibwezeretse lamulo logawa usodzi wa krill m'zigawo, ndipo malire a matani 620,000 asakwezedwe malo odyera anangumi ndi mapenguin asanatetezedwe. Madera atatu omwe akhala akudikira kwa zaka, la East Antarctica, la Weddell Sea ndi la Antarctic Peninsula, avomerezedwe kukhala otetezedwa. Munatha kutero ndi Ross Sea mu 2016, ndipo mayiko okana anene zifukwa zawo poyera.

2. Makoka okwekwereza pansi achotsedwe m'malo onse olembedwa kuti ndi otetezedwa, komanso pamatope omwe akudziwika kuti akusunga kaboni wochuluka. Ogwira ntchito m'sitimazo asatayidwe. Athandizidwe kusintha zida ndi ndalama zomwe lero zikugulira dizilo.

3. Gawo lachiwiri la pangano la WTO limalizidwe msanga. Mukudziwa nokha kuti munaikamo ndime yoti likapanda kumalizidwa m'zaka zinayi chiyambireni kugwira ntchito, pangano lonse likhoza kugwa.

4. Pasaperekedwe chiphaso chilichonse chosodzera malonda tinsomba ta kuya kwa mamita 200 mpaka 1,000, kufikira ntchito yomwe timagwira itayezedwa bwino.

5. Poika malire a nsomba zoti zigwidwe, kutentha kwa madzi kuwerengeredwe. Chaka chomwe nyanja yatentha modzidzimutsa, malirewo atsike nthawi yomweyo, osadikira msonkhano wa chaka chamawa. Ndipo mayiko ogawana nsomba zosamuka agwirizane kagawidwe nsombazo zisanawoloke malire.

6. Sitima iliyonse yaikulu yosodza ikhale ndi makina oionetsa pomwe ili, osazimitsa, ndipo mwini wake weniweni adziwike. Yozimitsa dala isaloledwe kutsitsa nsomba padoko lililonse, monga mmene pangano la FAO la zamadoko, lomwe linayamba mu 2016, limalolera.

7. Pangano loteteza nyanja yopanda mwini, lomwe linakwanitsa mayiko 60 olivomereza mu September 2025, lisathere m'kabati. Ku Montreal mu 2022 munalonjeza kuteteza 30 peresenti ya nyanja pofika 2030. Mu 2024 zolembedwa zinali cha pa 8 peresenti, ndipo zotetezedwa kwenikweni sizinkafika 3. Tikufuna kuona mayina a madera, osati maperesenti okha.

8. Mapulani a dziko lililonse a zanyengo atchule usodzi: mafuta a sitima, matope ovundulidwa, ndi nyama zochotsedwa. Koma izi zisakhale chophimbira. Malasha, petulo ndi gasi zichepe monga munalonjezera.

Pa zisanu ndi zitatuzi, choyamba sichifuna ndalama, sichifuna kafukufuku watsopano, sichifuna nyumba ya malamulo ya dziko lililonse. Lamulolo linalipo kale, linalembedwa kale, ndipo linagwira ntchito zaka zoposa khumi. CCAMLR imakumana ku Hobart mwezi wa October chaka chilichonse. Ndidzawerenga lipoti la msonkhano ukubwerawu, ndime ndi ndime, ndipo ndikupempha aliyense amene wawerenga kalatayi kuti afunse boma lake kuti nthumwi yake inanena chiyani m'chipindamo.

Ndatha ine wanu mwaulemu,

Mmodzi mwa okhoma msonkho